Ndikonze nkhalamba yanga kapena ndigule kamwana kothamanga?

Awerengi anga, sabata ino ndiloleni ndipume kaye pa nkhani za mayeso ndi za feteleza, ndikuuzeni za matenda amene adandigwira chaka chatha. Si malungo ayi. Ndi matenda osirira galimoto ya mnzako.

Ine ndili ndi Toyota Corolla ya 1994, ija amakaniko amaitchula kuti AE100. Ndimaiposa zaka zinayi zokha. Ndidaigula kwa mkulu wina wopuma ntchito m'boma nditasunga ndalama zaka zitatu, kuphatikizapo za mbatata ya kachewere imene ndimalima kudimba. Sukulu yathu ili m'boma la Dedza, makilomita 17 kuchoka pamsewu wa M1, ndipo m'midzi yotizungulira galimoto yoyenda tsiku lililonse ndi yangayi. Ndiyo imanyamula odwala usiku, ndiyo imakatenga mapepala a mayeso ku boma, ndiyo imaperekeza akwati.

Loweruka lina m'mwezi wa Juni mnzanga amene tidaphunzira limodzi ku Domasi, yemwe pano akuphunzitsa mumzinda wa Lilongwe, adabwera kudzationa. Adafika pa kagalimoto kachikasu, Suzuki Swift Sport ka 2008, kongotsika kumene kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Ana a Fomu 4 amene ndinkawaphunzitsa tsikulo adangothawa m'kalasi kukakazungulira. Corolla yanga inali poteropo pansi pa mtengo wa mango, palibe adaiyang'ana.

"Amwene, kwerani mukamve kusiyana kwa galimoto ndi ngolo," adatero mnzangayo.

Titafika pa tala tidapeza thiraki yonyamula simenti ikukwawa pachitunda. Iye adangotsitsa giya, kagalimotoko n'kulira kamodzi, thiraki ija tidayamba kuionera pagalasi. Ndidaseka naye limodzi, koma mumtima mudandiwawa.

Chifukwa chake n'chakuti masabata awiri m'mbuyomo ndidayesa kudutsa thiraki yotere pachitunda chomwecho, banja langa lonse lili m'galimoto. Ndidaponda mafuta mpaka pansi koma Corolla inkangolira osasuntha mokwanira. Minibasi idatulukira kutsogolo, ine n'kuponda mabuleki kubwerera kumbuyo kwa thirakiyo. Mayi a kunyumba sadayankhule mpaka tidafika. Atatsitsa ana adangoti, "Bambo, galimotoyi tsiku lina idzatiphetsa." Choncho nkhaniyi sinali ya matama okha.

Ku SACCO tinali ndi ndalama zimene tinkasungira malata a nyumba yathu. Njira zinali ziwiri: kugulitsa Corolla, kuphatikiza ndalama za malata ndi ngongole n'kuitanitsa kagalimoto ngati ka mnzanga, kapena kuiwonjezera mphamvu nkhalambayo ndi ndalama zochepa. Ndidasankha yachiwiri, koma ndidaiyamba mopusa, ndipo kupusako ndikuuzani kuti inu musakubwereze.

Ndidapita m'tauni kwa anyamata ogulitsa zokometsera magalimoto. Adandigulitsa zinthu zitatu: fyuluta ya mpweya yofiira yooneka ngati ndowa yaing'ono, ekizozi yakukamwa kwakukulu, ndi marimu owala a mainchesi 16 okhala ndi matayala opyapyala. Adandilonjeza kuti galimoto iziuluka. Pobwerera phokoso linali ngati ndege, ndipo ine ndidakhulupirira kuti ikuthamangadi.

Mwayi wake ndimaphunzitsa Physics, ndipo ana ndimawauza tsiku ndi tsiku kuti asamakhulupirire khutu, azikhulupirira muyeso. Ndisadapite m'tauni muja ndinali nditatenga wotchi ya mulabu n'kuyeza galimoto pamalo ena athyathyathya pa tala: kuchoka pa liwiro la 40 kufika pa 80 mu giya yachitatu, katatu, mnzanga wophunzitsa masamu atagwira wotchi. Inkatenga masekondi 14. Nditaika zokometsera zija tidayezanso pamalo omwewo. Masekondi 14 omwe aja, ulendo wina mpaka 15. Ndalama zokwana malipiro anga a mwezi wathunthu zidagula phokoso basi.

Nditakhala pansi ndidazindikira kuti yankho ndinali nalo kale m'mabuku amene ndimaphunzitsira. Injini imapeza mphamvu potentha petulo ndi mpweya, ndipo mpweya wozizira ndiwo umakhala ndi okosijeni wambiri pa lita iliyonse. Bokosi la fyuluta limene a Toyota adaika limakoka mpweya kutsogolo, kumene kuli kozizirirapo. Fyuluta yofiira ija inkakoka mpweya wotentha wa pafupi ndi injini, komanso mabowo ake ndi aakulu moti fumbi la msewu wathu linkadutsa. Fumbi likalowa mu injini limapala ngati mchenga. Ekizozi yaikulu pa injini yaing'ono ya 1500cc imene mkati mwake simudasinthidwe kanthu siibweretsa mphamvu yoti n'kuimva. Marimu aakulu nawo ndi olemera, injini imavutika kuwazunguza, ndipo tayala lopyapyala lilibe pobisala likagunda dzenje. Mwezi usadathe limodzi lidatupa m'mbali, rimu n'kupindika pamwala wa pafupi ndi mlatho wathu.

Apa m'pamene ndidapita kwa makaniko wina wachikulire wa pamsika wathu, amene poyamba ndinkamuderera chifukwa galaja yake ndi mthunzi wa mtengo. Adaizungulira galimoto, adamvetsera injini, kenako adati, "Aphunzitsi, mukufuna kugula mphamvu zimene galimotoyi sidabadwe nazo, pamene zimene idabadwa nazo mudazitaya panjira. Tiyeni tiyambe tatola zotayikazo."

Adayamba ndi kuyeza kupanikiza kwa mpweya m'masilinda onse anayi. Muyeso umenewu ndi wofunika kuposa china chilichonse, chifukwa ukapezeka wotsika kwambiri ndiye kuti injini yatha mkati, ndipo zina zonse n'kutaya ndalama. Yanga idapezeka ili bwino. Kenako adayamba kutulutsa milandu umodziumodzi. Mapulagi anali odyeka, zingwe zake ziwiri zikutaya moto. Fyuluta ya petulo inali isadasinthidwepo chiigulire galimotoyo. Polowera mpweya panali mwaye wakuda bii. Nthawi yoyakira moto mu injini inali itachedwa, adaibwezera pamalo pake. Buleki ya kutsogolo kumanzere inkagwira yokha pang'ono, ndiye kuti ndinkayenda ngati munthu wokoka mbuzi yokana. Kalachi inali itayamba kuterereka, ndicho chifukwa chake pachitunda paja injini inkalira galimoto osapita. Mubuti adatulutsamo zinthu zimene ndinkangoyenda nazo chaka chonse: batire lakufa, theka la thumba la laimu, zitsulo za pampu ya kudimba.

Tidabwezera bokosi la fyuluta lakale, ekizozi yachete ndi marimu achitsulo aja. Tidasintha kalachi, mashoko anayi, mabushi, mapadi ndi mafuta a mabuleki, tidagula matayala abwino n'kukawongoletsa miyendo ku boma. Timing belt nayo tidasintha popeza sindinkadziwa kuti idaikidwa liti, pamene lamulo lake pa injini imeneyi ndi makilomita 100,000. Zonsezi sizidachitike tsiku limodzi. Zidatenga miyezi inayi, mwezi uliwonse kachinthu kamodzi kapena tiwiri malipiro akalowa.

Titabwerera pamalo athu oyezera aja wotchi idaonetsa masekondi 10. Palibe chachilendo chimene tidaika mu injini. Tidangoibwezera zake.

Pali chinthu china chimene ambiri ogula magalimoto sachiganizira. Mphamvu za injini amaziwerenga m'mahatchi, ndipo injini ya Corolla yanga, 5A-FE, papepala ili ndi mahatchi pafupifupi 100, pamene ya Swift Sport ya mnzanga, ya 1600cc, ili ndi 125. Koma manambala amenewa amayezedwa ngati kuti galimoto ili m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ukamakwera mtunda mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa 100 alionse pa mamita 100 alionse amene wakwera. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600. Ndiye kuti mahatchi 100 aja kuno kwathu ndi 85 kapena kucheperapo, injini ili yangwiro. Ukachotsaponso zotayika chifukwa cha mapulagi ndi kalachi, n'zosadabwitsa kuti thiraki ya simenti inkandivuta. Galimoto yomweyo ukatsikira nayo ku Salima kapena ku Chikwawa umaimva kuti yapepuka miyendo.

Anyamata ena adandiuza za njira ina: kuchotsa injini yonse n'kuikamo 4A-GE ya mavavu 20, imene a Toyota ankaika m'ma Corolla Levin ndi Sprinter Trueno, yokhala ndi mahatchi 160 kapena kuposerapo pang'ono. N'zoona kuti imalowa m'thupi la Corolla ngati yanga. Koma siibwera yokha. Imafuna kompyuta yake ndi mawaya ake, ndi munthu wodziwadi kuzilumikiza. Mphamvu zakezo zimatuluka injini ikamazungulira pamwamba kwambiri, pamene ine moyo wanga wonse uli mu giya yachiwiri ndi yachitatu pamsewu wafumbi. Nambala ya injini nayo imalembedwa m'mapepala a galimoto, ndiye uyenera kukadziwitsa a Road Traffic ndi a inshuwaransi, apo ayi tsiku la ngozi udzalira wekha. Ndipo injiniyo ndi ya zaka za m'ma 1990, yakalamba ngati yomwe ukuchotsayo, mbiri yake sukuidziwa. Ndidaisiya.

Tsopano ndinene chilungamo pa kagalimoto ka mnzanga, chifukwa sindikufuna muganize kuti ndikunyoza mphesa zimene sindidazifikire. Swift Sport, Toyota Vitz RS, Honda Fit RS ndi tinzake ndi timagalimoto tabwino. Timakhota bwino, timaima msanga, ndipo tambiri timamwa petulo mosamala. Koposa zonse tili ndi zinthu zimene palibe makaniko angaike mu Corolla yanga pamtengo wanzeru: mabuleki a ABS amene salola matayala kuuma ukaponda mwadzidzidzi, ma airbag, ndi thupi lopangidwa kuti likagunda liphwanyike kutsogolo anthu m'kati n'kutetezeka. Yanga ilibe ABS, ilibe airbag. Pa ngozi yofanana mnzanga ali ndi mwayi woposa wanga, ndipo mfundo imeneyi imandisowetsa tulo nthawi zina.

Koma mawu oti "yatsopano" tiziwayang'anitsitsa. Galimoto ya 2008 ndi yatsopano kwa ife chabe, kwawo idatha kale ntchito. Mashoko ake, mabushi ake ndi mapaipi ake a labala nawo akalamba, kungoti utoto ukuwala. Mtengo umene umaona pa intaneti si umene udzalipire: pali sitima, pali woiyendetsa kuchoka ku Dar es Salaam, pali msonkho wa MRA umene umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, pali kulembetsa, COF ndi inshuwaransi. Zambiri mwa izi zimatsatira dola, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, malipiro athu osasuntha. Chinanso, Swift Sport idapangidwira petulo wapamwamba amene ku Japan ali ndi pampu yakeyake, pamene kuno petulo ndi wamtundu umodzi, choncho mahatchi 125 aja usawawerengere onse.

Ndiye pali nkhani ya msewu ndi masipeya. Timagalimoto tothamangati timakhala pansi dala kuti tisamagwedezeke pokhota. Pa tala n'zabwino, koma pamsewu wathu umene pakati pake pali mzere wa miyala, mnzanga adayenda makilomita 17 aja ngati akuponda mazira, pansi pakukhula. Masipeya a Corolla yakale umawapeza ku Biwi, ku Ndirande, ngakhale pamsika wa boma lililonse, atsopano ndi akale omwe, ndipo makaniko aliyense adaphunzirira pa injini imeneyi. Mnzanga kachipangizo kena ka magetsi katafa, kagalimoto kake kadakhala pabwalo masabata asanu kudikira kuti kachokere kunja, uku kubanki akudula ngongole mwezi ndi mwezi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Komabe iye akuti sakudandaula, ndipo ndikumumvetsa: amakhala pa tala, amayenda mtunda waufupi, sanyamula matumba a mbatata. Kwa iye ndi galimoto yoyenera.

Funso limene lidandithandiza kwambiri ndi ili: kodi liwiro ndikulifuniranji? Ndidawapatsa ana a Fomu 3 ngati samu ya pabolodi. Kuchoka ku Dedza kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 80. Tingoti 80. Pa liwiro la 80 ndi ola limodzi, pa liwiro la 100 ndi mphindi 48. Wapulumutsa mphindi 12, ndipo apo n'kuti panjira palibe mabampu, msika, njinga kapena ng'ombe. Tsono taonani mtengo wa mphindi 12 zimenezo. Mtunda woimira galimoto sukula mofanana ndi liwiro, umakula ngati liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo. Magalimoto awiri ofanana akaponda mabuleki pamalo amodzi, ina ili pa 80 ina pa 100, pamene ya 80 yaima njii, ya 100 imakhala ikadali pa liwiro la 60. Mwana amene woyambayo wamuphonya ndi dzanja limodzi, wachiwiriyo amamugunda pa 60. M'kalasi mudangoti zii. Mtsikana wina amene mchimwene wake amayendetsa kabaza wa njinga yamoto adandipempha kuti ndibwereze samuyo aikopere bwino.

Choncho mphamvu imene ndinkaifuna sinali yothamangira 140. Inali yoti ndikaganiza zodutsa thiraki ndidutse msanga ndi kubwerera kumbali yanga, komanso yoti ndikafuna kuima ndiime. Zimenezi Corolla yokonzedwa bwino ikundipatsa. Pachitunda chija tsopano ndimatsitsa giya nthawi ikadalipo, ndipo ngati kutsogolo sikukuoneka bwino ndimangokhala kumbuyo kwa thiraki mpaka pamwamba. Sindidachedwepo kumaliro kapena kuukwati chifukwa cha zimenezi.

Mayeso enieni adabwera mu Januwale. Cha m'ma 1 koloko usiku, mvula ikugwa, mlonda wa pasukulu adagogoda pawindo: "Aphunzitsi, pepani, mpongozi wanga matenda ayamba ndipo azamba akuti zavuta." Tidamugoneka kumbuyo, amayi awiri atamugwirizira. Ulendo wonse wa pamatope sindidapitirire liwiro la 30. Chimene chidagwira ntchito usiku umenewo ndi matayala okhala ndi mano, mashoko osagwedeza wodwala, magetsi owala, mawaipa atsopano, ndi injini yosazima pakati pa chithaphwi. Marimu owala aja akadakhalapo sitikadadutsa pamlatho. Tidafika kuchipatala, ndipo mwanayo pano akukwawa.

Kwa inu amene muli ndi nkhalamba ngati yanga ndipo mtima ukukusokosani, langizo langa ndi ili. Yambani mwayezetsa injini ndi kuyang'ana pansi pa galimoto. Ngati thupi ladyeka ndi dzimbiri pamene pamagwira mashoko, kapena injini ikumwa oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu, musathiremo ndalama, yambani kusungira ina. Ngati zili bwino, ndalama yoyamba ipite ku mabuleki, yachiwiri ku matayala, yachitatu ku mashoko ndi mabushi, kenako mapulagi, mafyuluta ndi kalachi. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi, asintheni zaka ziwiri zilizonse. Pogula tayala, makamaka la kaunjika, werengani manambala anayi a m'mbali mwake: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limaphulika ngakhale mano akuoneka. Mukafika apa imani, zotsalazo ndi zodzikongoletsera. Ndipo musanasinthe chilichonse yezani ndi wotchi ya pafoni, mukasintha yezaninso.

Kwa inu amene mwatsimikiza zogula kothamanga, gulani, koma dzifunseni zinthu zitatu: msewu wa kwanu ukalola kodi, makaniko wokadziwa ali kuti, ndipo mukalipira ngongole mwezi uliwonse kunyumba kutsala chiyani. Ngati ndalamayo ndi ya katapila, ndiye ayi, musayambe n'komwe.

Ine malata tidagula, nyumba tidafolera mvula isadayambe. Fyuluta yofiira ija ili mulabu, ndimaphunzitsira kusefa. Marimu atatu otsala ndidagulitsa motchipa kwa mnyamata wina amene sadafune kumva malangizo anga, monga inenso sindikadamva. Kusirira sikudathe, ndisakunamizeni. Kachikasu kaja kakandidutsa pa M1 ndimakatsatirabe ndi maso, ndipo mayi a kunyumba amangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, simenti ya pansi sitidagule." Tikamaliza nyumba ndidzayamba kusungira galimoto ya ABS ndi ma airbag, yokwera pansi, yoti ana anga azikhalamo otetezeka. Kufikira tsikulo nkhalamba yanga ili ndi ntchito.

Amakaniko ndi madalaivala amene mwawerenga izi, ngati pena ndaphonya lemberani tsamba lino mundikonze. Sabata yamawa tibwerera kusukulu, tikambe za ana amene akusiya Fomu 2 kukayendetsa kabaza.